Mnyamata Akayamba Kuopa Mbale ya Nsima

Kuno ku Lusaka thupi la mwamuna limakambidwa ndi aliyense, ndipo limakambidwa mwini wake ali pomwepo. Mukakumana ndi mnzanu wakale pa Cairo Road kapena pamaliro ku Chingwere, asanafunse za ana ndi za kunyumba amayamba wakuyang'anani kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kunena kuti, "Akulu, koma mwanenepa, zinthu zikuyenda ndithu." Amenewa ndi mawu oyamikira, chifukwa mimba yotuluka timaitenga ngati umboni wakuti munthu ali pa ntchito yabwino ndiponso kuti akusamalidwa kunyumba. Mukaonda, mawu amatsika, ndipo funso limabwera mozungulira: "Kodi m'thupi muli bwino?" Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikudziwa kumene funso limeneli linachokera. Inali nthawi imene Edzi inkatchedwa kaliondeonde, nthawi imene a Kenneth Kaunda, mu 1987, anaima pamaso pa dziko n'kunena kuti mwana wawo wamwamuna anamwalira ndi matendawa. Mankhwala a ma ARV anasintha zinthu zambiri, koma mantha athu poona munthu woonda sanathe, ndipo mpaka lero mwamuna woonda amayenda akudziwa zimene anthu akumuganizira.

Anyamata a masiku ano apeza zonsezi zilipo kale, koma pamwamba pake awonjezeredwa thupi lina limene makolo awo sankalilabadira. Ndi thupi limene amaliona pa TikTok ndi pa Instagram, kapena pamene wosewera mpira wa ku Ulaya wavula malaya atagoletsa chigoli: mapewa otambalala, akatumba otupa, ndiponso pamimba pouma popanda ndi kamafuta komwe. Thupi limeneli limalamula zinthu ziwiri zotsutsana, pakuti mnyamata ayenera kudya kwambiri kuti akule, komanso ayenera kuopa chakudya kuti asanenepe. Chimene sauzidwa n'chakuti zithunzi zambiri zoterezi zimajambulidwa munthu atangomaliza kunyamula zitsulo, atachepetsa madzi akumwa, ataima pamalo owala bwino, ndipo ena mwa ojambulidwawo amagwiritsa ntchito mankhwala amene sawatchula. Mnyamata wa ku Matero, ku Chawama kapena ku Kanyama amathira simenti m'zitini za penti, n'kulowetsamo chitsulo cha galimoto yakufa, n'kumanyamula kuseri kwa nyumba, pamene mnzake wa ku Kabulonga amalipira pamwezi ku jimu ya magalasi khoma lonse. Onse awiri akuthamangira chithunzi chimodzi. Sindikutsutsa kulimbitsa thupi, ndipo ambiri mwa anyamata amenewa ali bwinobwino, mwinanso kuposa ife amene timakhala pampando tsiku lonse. Nkhani yanga ndi ya ochepa aja amene masewerawa amasanduka matenda ali m'manja mwathu, ife tikuombera m'manja.

Mwana wa mlongo wanga anabwera kuchokera ku Katete kudzachita maphunziro a kukoleji, ndipo ankakhala kwathu. Anali wochepa thupi kuyambira ali mwana, moti anzake a kusekondale ankamuseka kuti mphepo ya mu Ogasiti idzamuulutsa. Atayamba kunyamula zitsulo ndi anyamata a m'dera lathu tonse tinasangalala, chifukwa mumzinda muno mnyamata amene sakumwa mowa, sakusuta, ndiponso sakuyenda ndi magulu a majanki ndi dalitso. Poyamba anasiya shuga ndi zitumbuwa, ndipo tinamuyamikira. Kenako anasiya nsima, ponena kuti imabweretsa mafuta pamimba, n'kuyamba kudziphikira yekha soya wowiritsa wopanda mafuta ndi mazira amene ankataya chikasu chake. Anagula sikelo imene ankaiponda m'mawa ndi madzulo, ndipo nkhope yake ya tsikulo inkadalira nambala imene yaoneka. Anasiya kupita ku maukwati ndi kukacheza kwa abale chifukwa kumeneko sakanatha kusankha chakudya. Phewa litavulala sanapume, ankangolimanga n'kubwerera kukanyamula. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye ankavala jekete lalikulu.

Akazi anga ndi amene anazindikira mbali imene inkachitika usiku, chifukwa mwini khitchini amadziwa mapoto ake. Masiku ena m'mawa ankapeza nsima yotsala yatha, buledi yense watha, ndiwo za mawa zatha, ndipo mnyamatayo atatuluka kale kusanache kukathamanga mtunda wautali, n'kubwera osadya kanthu mpaka madzulo. Anandiuza kuti, "Inu, mphwanuyu sakudya ngati munthu amene ali pa mtendere." Nditakhala naye pansi n'kumufunsa chimene ankafuna kwenikweni, popeza thupi anali atalipeza kale ndipo malaya ankamuthina m'mikono, anandiyankha kuti, "Malume, inu mukuona munthu wamkulu, koma ine ndikayang'ana pagalasi ndimaona yemwe uja wa ku Katete." Sankanama, ndipo sankafuna kuti ndimuyamikire. Ankanena zimene maso ake ankamuonetsa.

Zimene anafotokozazi madokotala amazidziwa. Mu 1993, Harrison Pope ndi anzake a ku Harvard anafufuza amuna 108 omanga thupi ponyamula zitsulo, ndipo anapeza kuti 9 mwa iwo ankadziona ochepa ndi ofooka ngakhale kuti anali adzitho, moti ena ankakana kuonekera pagulu kapena ankavala zovala zokhuthala m'nyengo yotentha kuti abise thupi. Mu 1997 vutoli linapatsidwa dzina lakuti muscle dysmorphia. M'mabuku a madokotala a maganizo limaikidwa m'gulu la matenda odziona molakwika, osati m'gulu la matenda a kadyedwe, koma m'moyo weniweni ziwirizi zimayendera limodzi, popeza munthu wotere amakhala ndi malamulo okhwima a chakudya amene akawaphwanya amadzilanga. Matenda a kadyedwe enieniwo odziwika kwambiri ndi atatu. Anorexia nervosa ndi pamene munthu amadzimana chakudya mpaka kuonda moopsa chifukwa choopa kunenepa. Bulimia nervosa, imene Gerald Russell anaifotokoza ku London mu 1979, ndi pamene munthu amadya chakudya chochuluka nthawi imodzi mosatha kudziletsa, kenako n'kuyesa kuchichotsa podzisanzitsa, pomwa mankhwala otsegula m'mimba, posala kudya kapena pochita masewera mopitirira muyezo. Achitatu ndi kudya mosadziletsa komweko koma kopanda kuchotsa, kumene kumasiya munthu ndi manyazi ndi kudzida.

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amakhulupirira kuti amenewa ndi matenda a atsikana. Komabe pamene dokotala wa ku England Richard Morton analemba za matenda odzimana chakudya mu 1689, m'nkhani imene ambiri amaitenga kukhala yoyamba ya mtunduwu m'mabuku a zachipatala, mmodzi mwa odwala ake awiri anali mnyamata wa zaka 16, mwana wa m'busa. Chimene chinachitika pambuyo pake n'chakuti kafukufuku wambiri anachitidwa pa akazi, ndipo zizindikiro zinalembedwa potengera thupi la mkazi. Mpaka mu 2013, buku la madokotala a maganizo a ku America limene limatsatiridwa m'maiko ambiri linkatchula kusiya kusamba ngati chimodzi mwa zizindikiro za anorexia, chinthu chimene sichingafunsidwe kwa mwamuna. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene anatuluka mu 2007 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse amene anadwalapo anorexia kapena bulimia anali mwamuna, ndipo pa kudya mosadziletsa amuna anali oposa mmodzi mwa atatu. Ziwerengero zimenezi ndi za kumeneko, ndipo sitingazisamutsire ku Lusaka momwe zilili, koma zikukwanira kuthetsa maganizo akuti thupi la mwamuna lili ndi chitetezo chachibadwa.

Pali mawu ena amene ndawamva kwa anzanga nditayamba kukamba nkhaniyi, ndipo ndi mawu olemera amene sayenera kungokankhidwira pambali. Amati, m'dziko limene anthu akugona ndi njala, kukamba za munthu wokana chakudya ndi mwano, ndipo amenewa ndi matenda a azungu ndi a ana a apamwamba. N'zoona kuti vuto lathu lalikulu la chakudya ndi kusowa kwake. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo mu Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Koma amene amaganiza kuti njala imateteza munthu ku matenda a kadyedwe ayenera kumva zimene zinachitika ku University of Minnesota m'zaka za 1944 ndi 1945. Wasayansi Ancel Keys anatenga amuna 36 athanzi, amene anakana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo ndipo anadzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya pafupifupi ndi theka kwa milungu 24, uku akuyenda makilomita pafupifupi 35 pamlungu. Cholinga chinali kuphunzira mmene angadyetsere anthu a ku Ulaya amene nkhondo inawasiya ndi njala. Amunawo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, koma chimene chinadabwitsa ofufuzawo chinali kusintha kwa maganizo awo. Anayamba kulota chakudya, kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, ndi kutenga nthawi yaitali pa kambale kakang'ono. Anakhala okwiyakwiya, odzipatula, ndipo chilakolako cha akazi chinawathera. Ataloledwa kudyanso, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta, ndipo izi zinapitirira kwa miyezi.

Amuna amenewa anali asanadwalepo maganizo, ndipo sankafuna kukongola. Njala yokha inakwanira kusokoneza ubale wawo ndi chakudya. N'chifukwa chake ndimaganizira za mnyamata amene anakulira m'nyumba imene chakudya chinkapezeka lero n'kusowa mawa, kapena amene anakhala zaka kusukulu yogonera komweko akuthamangira belu la nyemba ndi kabichi, akudya mofulumira kuti anzake asamulande. Mnyamata wotere akayamba kugwira ndalama zake, kapena akadziika yekha pa njala ina chifukwa chofuna pamimba pouma, thupi lake silisiyanitsa njala ya umphawi ndi njala yodzisankhira, ndipo limayankha mofanana. Izi zinandithandiza kumvetsa mapoto opanda kanthu a m'nyumba mwathu. Mphwanga sanali wadyera usiku ndi wodziletsa masana ngati anthu awiri osiyana, koma kudzimana kwa masana ndi kumene kunkabala kudya kwa usiku, ndipo manyazi a kudya kwa usiku ankabala kudzimana kwa tsiku lotsatira.

Kudya mosadziletsa kumabisala mosavuta pakati pa amuna chifukwa chikhalidwe chathu chimayembekezera mwamuna kudya kwambiri. Wotha mitanda isanu ya nsima amatamandidwa, ndipo wokhala pa michopo ndi mowa kuyambira masana mpaka usiku amaonedwa ngati munthu amene akudyerera thukuta lake. Ambiri amadyadi mosangalala, ndipo kukonda chakudya si matenda. Kusiyana kuli pa kubisa, kulephera kusiya ngakhale mimba ikupweteka, ndi kudzida pambuyo pake. John Prescott, amene anali wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1997 mpaka 2007, mwamuna wonenepa ndiponso wodziwika ndi kulankhula mosaopa, anaulula mu 2008 kuti anakhala ndi bulimia kwa zaka zambiri, ndipo anafotokoza kuti ankachita manyazi chifukwa anthu amati ndi matenda a atsikana. Nkhani yake imaonetsa kuti matendawa sadziwika poyang'ana kukula kwa thupi, popeza anthu ambiri odwala bulimia amakhala a thupi labwinobwino kapena onenepa.

Pali malo ena awiri kumene vutoli limatetezedwa ndi ulemu umene timapereka. Oyamba ndi masewera amene amagawa anthu potengera kulemera, monga nkhonya, imene ili ndi mbiri yaitali m'dziko muno kuyambira masiku a Lottie Mwale. Mnyamata amene ayenera kutsitsa makilogalamu asanayezedwe amaphunzira kuthamanga atavala mapulasitiki, kulavula malovu, kukana madzi ndi kudumpha chakudya, ndipo ena amapitiriza zimenezi ngakhale palibe mpikisano. Achiwiri ndi kusala kudya kwa kutchalitchi. Sindikunyoza kusala, ndipo inenso ndimasala pa nthawi yake, koma mnyamata amene amasala mwezi ndi mwezi, amene amatuluka m'kusala kwina n'kulowa m'kwina, ndiponso amene amasangalala ndi kutsika kwa sikelo kuposa pemphero lenilenilo, wapeza chifukwa chimene palibe kholo lingatsutse. Abusa ndi aphunzitsi a masewera ali pafupi ndi anyamata amenewa kuposa dokotala aliyense.

Kumene kuli chikhumbo chosintha thupi sikusowa wogulitsa mankhwala. Ma anabolic steroid, amene amatsanzira mphamvu ya testosterone, homoni yachimuna imene thupi limapanga, amakulitsadi minofu, ndipo n'chifukwa chake kungouza mnyamata kuti sagwira ntchito n'kutaya nthawi, pakuti amaona yekha anzake akukula. Choyenera kumuuza ndi mtengo wake. Thupi likalandira mankhwalawa kuchokera kunja limasiya kupanga testosterone yakeyake, ziwalo zopanga umuna zimafota, ndipo mphamvu yobereka imatsika. Mabere amatha kukula, ziphuphu zimadzaza kumsana, magazi amathamanga kwambiri, chiwindi chimawonongeka makamaka ndi a mapiritsi, ndipo mtima umakula molakwika. Kwa mnyamata amene akukulabe, mankhwalawa angatseke mafupa msanga n'kumusiya wamfupi. Akasiya mwadzidzidzi amagwa m'kufooka ndi m'kuvutika maganizo, zimene zimamubwezera ku jakisoni, ndipo kubwerekana jakisoni kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis. Anyamata oonda amene amaopa kunenedwa amatsata njira ina: amamwa cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amautsa chilakolako cha chakudya komanso amagonetsa, kapena dexamethasone, amene amatupitsa nkhope ndi mimba, n'kufooketsa chitetezo cha thupi, kukweza shuga m'magazi ndi kufewetsa mafupa. Kunenepa kwa dexamethasone ndi madzi ndi mafuta, pamene minofu ya m'mikono ndi m'miyendo imachepa, ndipo munthu amene wamwa nthawi yaitali sayenera kusiya mwadzidzidzi popanda dokotala. Bungwe la ZAMRA ndi limene lili ndi udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, koma zogulitsidwa pa WhatsApp ndi m'zikwama zimafika kwa mnyamata popanda pepala la dokotala, ndipo wogula alibe njira yodziwira chimene chili m'botolo.

Mwamuna woonda akapita kuchipatala amayezedwa HIV, chifuwa chachikulu ndi shuga, ndipo izi n'zoyenera, chifukwa matenda amenewa ndi ofala ndiponso amachiritsika kapena kuchepetsedwa mphamvu akapezeka msanga. Vuto limabwera zotsatira zikatuluka zabwino, banja n'kupuma, nkhani n'kuthera pomwepo, kapena n'kutembenukira kwa asing'anga. Pamzere wa odwala ambiri, wachipatala sangafunse za sikelo ndi galasi ngati palibe amene wazitchula, ndipo mnyamata amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira sangazitchule yekha. Apa ndi pamene wachibale woperekeza ali ndi ntchito yonena zimene waona: kudumpha chakudya, kupita kuchimbudzi atangomaliza kudya, kuthamanga usiku, mapiritsi a m'chikwama. Tikatchula za dokotala wa maganizo, ambiri amangomva dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, n'kuchita mantha, chifukwa mumzinda muno dzinali timaligwiritsa ntchito ponyozana. Zipatala za Chainama Hills, University Teaching Hospital (UTH) ndi Levy Mwanawasa zili ndi anthu amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala. Kuonana ndi anthu amenewa sikutanthauza kugonekedwa, ndipo ambiri amathandizidwa akuchokera kunyumba.

Kwa ife Achewa, malume ndi mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo akadwala nkhani imafika kwa iye. Ndinaona kuti udindo umenewu uli ndi phindu lake pa matenda otere, chifukwa mnyamata amatha kuuza malume zimene sangauze bambo ake. Chithandizo chimene chaonetsa zotsatira zabwino kwa achinyamata odwala anorexia, chimene chinayambira pa chipatala cha Maudsley ku London, chimadalira banja kuti likhale patsogolo pa kudyetsa wodwala, osati kuliona ngati gwero la vuto. Kwa odwala bulimia ndi kudya mosadziletsa, uphungu wotchedwa CBT, umene umathandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, umayamba ndi kubwezeretsa chakudya cha nthawi zoikika tsiku lonse, kuti njala yoopsa ija isapeze mpata. Mlangizi amene anaona mphwanga anayambira pomwepo, ndipo anatiuza tonse m'nyumba kuti tisiye kunena chilichonse chokhudza thupi lake, kaya choyamikira kapena chodandaula, chifukwa ngakhale mawu akuti "wayamba kuoneka bwino" iye ankawamva ngati akuti wanenepa. Zimenezi zinali zovuta kwa amayi ake kuposa wina aliyense. Lero amadya nafe pamodzi ndipo amanyamulabe zitsulo pa masiku amene anagwirizana ndi mlangizi, ngakhale kuti nthawi ya mayeso maganizo akale amabwerera.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira uphungu kapena msonkhano wa banja. Munthu amene akukomoka, amene mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kwambiri kapena mosalongosoka, amene akumva kupweteka pachifuwa, amene akusanza magazi, kapena amene akulankhula zodzipha ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Kusanza kawirikawiri ndi mankhwala otsegula m'mimba zimatsitsa potaziyamu m'magazi, ndipo izi zingaimitse mtima wa munthu amene akuoneka wamphamvu. Anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri, ndipo pafupifupi imfa imodzi mwa zisanu za odwala matendawa imakhala yodzipha. Mabanja ayeneranso kudziwa kuti munthu amene wakhala masiku ambiri asakudya pafupifupi chilichonse sayenera kukakamizidwa kumaliza mbale yaikulu ya nsima nthawi imodzi, ngakhale kuti chikondi chimatiuza kutero. Chakudya chochuluka chikalowa mwadzidzidzi m'thupi lotere chimagwetsa mchere wa phosphate m'magazi, zimene zingasokoneze mtima ndi kupuma, choncho kudyetsa kumayamba pang'onopang'ono, achipatala akuyeza magazi m'masiku oyambirira.